Madzi Saiwala Khwawa

Pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi, m'cigawo ca kum'mawa kwa Zambia, panali mnyamata wina m'caka ca 2001 amene anzace anamdziwa ndi zinthu ziwiri. Coyamba cinali banjo yace, imene anaipanga yekha ndi cigubu ca mafuta ophikira, mtengo wa mlombwa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Caciwiri cinali cakuti munthu akamfunsa kuti, "Kodi kwanu nkuti?" iye anali kuyamba wakhala cete kanthawi, monga ngati wapatsidwa samu yobvuta. Pa mapepala a sukulu analemba kuti kwao ndi ku Petauke, ndipo sanali kunama, pakuti kumeneko ndiko anakulira, ndiko anaphunzira kuwerenga, ndikonso kunali amai ace ndi ambuye ace. Koma mcombo wace unagwera kwina, kutsidya kwa malire, m'dziko la Mozambique, m'cigawo ca Tete, pa kamudzi kokhala m'mbali mwa khwawa lothira madzi ace mu mtsinje wa Kapoce.

Kuti nkhani yace imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi malirewo. Sanaikidwe ndi eni ace dziko ai. Anapangana ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lao la m'caka ca 1891, ndipo mzere umene analemba pa pepala unadutsa pakati pa Acewa, nusiya mlongo uku, mlongo wace uko. Kufikira lero a Phiri, a Banda ndi a Mwale apezeka mbali zonse ziwiri; alankhula cinenero cimodzi, abvina gule mmodzi, ndipo onse alambira Kalonga Gawa Undi, amene mzinda wace wakale unali ku Mano, m'dziko la Mozambique, koma tsopano uli ku Mkaika, kufupi ndi Katete. M'masiku a mtendere malirewo sanali kuoneka ndi maso. Munthu anali kudzuka m'dziko lina, nakalira maliro m'dziko lina, nabwerera madzulo osadziwa kuti waoloka kanthu.

Dziko la Mozambique linalandira ufulu pa 25 June 1975, koma pasanapite zaka zambiri panabuka nkhondo ya paciweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Nkhondo imeneyi inabalalitsa anthu monga mphepo imwaza mankhusu pa cipero. Oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi kokha. Ena anamka ku Zimbabwe, ku Tanzania, ku Swaziland ndi ku South Africa, ndipo zikwi zambiri anaolokera ku Zambia. Mnyamata uja anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene inafika pa mudzi wao, m'caka ca 1987. Atate ace anali atalawirira ku dimba tambala woyamba atangolira. Mfuti zitayamba kulira, amai ace anamgwira pa dzanja, ambuye ace anatola cikho ca mbeu za maungu cimene cinali pa tsindwi, ndipo amalume ace anawatsogolera kulowa m'chire. Anayenda usiku utatu, nabisala usana. Atate aja sanaonekenso. Anthu akafunsa nkhalambayo kuti anatentha mudzi ndi a mbali iti, inali kuyankha kuti, "Sindinaime kuti ndiwafunse maina."

Poyamba othawa nkhondowo anakhala m'midzi ya m'malire pamodzi ndi abale ao. Koma pamene amuna a mfuti anayamba kuoloka ndi kuononga ngakhale midzi ya ku Zambia komwe, boma, mothandizana ndi bungwe la United Nations loyang'anira othawa kwao, linatsegula malo a Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, m'caka comweco ca 1987, nilisamutsira anthu kumeneko. Banja liri lonse linapatsidwa munda. Ambuye aja anabzala maungu ao pa culu, ndipo anabala. Mwanayo analowa sukulu, naphunzira Cingerezi m'malo mwa Cipwitikizi, naimba nyimbo ya pfuko la Zambia m'mawa uli wonse pamodzi ndi anzace. Patapita zaka zinai amai ace anakwatiwa ndi mwamuna wa komweko, munthu wofatsa, wopala matabwa, amene analera mwanayo monga wace.

Pa 4 October 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere mu mzinda wa Rome, ndipo m'caka ca 1994 magalimoto anafika ku Ukwimi kudzatenga ofuna kubwerera. Apa mpamene banja linang'ambika kaciwiri. Amalume, pokhala mwini mbumba, anati sangasiye manda a makolo ndi minda yao pa chire, anakwera galimoto. Amai anali ndi mwamuna ndi khanda, cotero anatsala. Ambuye anafuna kumka ndi mwana wao wamwamuna, koma miyendo inali itatha, ndipo mbiri inali kumveka yakuti m'njira ndi m'minda ya kumeneko munali mabomba okwiriridwa pansi. Anatsala ndi mwana wao wamkazi, nanena kuti adzatsatira mvula ikatha. Mvula inatha kasanu ndi kawiri. Kalata inafika imodzi yokha, yolembedwa ndi dzanja la munthu wina, yonena kuti afika bwino.

M'nyumba mwao nkhani ya kutsidya inali yosachulidwa. Mwanayo akafunsa za atate ace, amai anali kumtuma ku madzi. Cotero anakula ndi mudzi m'mutu mwace umene sanathe kuufotokoza, koma zidutswa zokha: mtengo wa mango wopendekera pa khola la mbuzi, mwala wosalala umene akazi anali kucapirapo, ndi pfungo la utsi wa tsiku lija. Pa koleji mnzace wina, amene anamva mphekesera, anamucha "mlendo" pamaso pa anthu m'cipinda codyera, nati, "Mlendo ndi mame; nanga iwe ukamuka liti?" Anthu anaseka, iyenso anaseka, koma usiku umenewo tulo sitinabwere.

Cimene cinamtsegula maso cinali phunziro la nyimbo. Mphunzitsi wao anawasimbira za Hugh Tracey, amene anayenda m'maiko ambiri a Africa ndi makina ojambulira mau, nakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo za Africa m'caka ca 1954. Ndiponso za Alick Nkhata, amene anagwirako nchito ndi Tracey, pambuyo pace nachuka pa wailesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka, poimba ndi kuulutsa nyimbo za anthu a m'midzi. Mphunzitsiyo anati anthu ambiri amene anaimba pamaso pa makina aja anamwalira kale, koma mau ao akali kumveka. Mnyamatayo anaganiza za ambuye ace, amene mano anali atatha m'kamwa koma nyimbo zinali zisanathe. Anaona kuti nkhalambayo ikadzagona, maina a makwawa, a mapiri ndi a anthu a mudzi uja adzagona nayo pamodzi. Natsimikiza mumtima kuti adzapanga cimbale ca nyimbo, ngakhale analibe ndarama yopitira ku nyumba zojambulira za ku Lusaka.

Zida zace zinali zocepa. Anali ndi wailesi ya kaseti imene atate ace omlera anampatsa pomka ku koleji, ndipo anabwereka inzace kwa mlonda wa pa cipata, polonjeza kuti adzaphunzitsa mwana wace samu. Ndarama za makaseti ndi mabatire anazipeza poumba njerwa pa chuthi. Njira yace inali yotere. Anali kuyamba waimba banjo yekha, wailesi yoyamba niijambula. Atatero anali kuliza kasetiyo, iye naimba mau pamwamba pace, wailesi yaciwiri nijambula zonse ziwiri pamodzi. Akafuna kuonjeza ng'oma kapena mau oyankha, anali kubwereza comweco kacitatu. Koma anapeza msanga kuti njira imeneyi iri ndi mtengo wace: nthawi iri yonse mau akasamuka kucoka pa kaseti ina kumka pa inzace, anali kutaya kuwala kwace pang'ono, ndipo phokoso longa la mvula yowaza linali kukula. Banjo imene inajambulidwa poyamba inali kumveka patali, ngati iri kutsidya kwa mtsinje. Kupitirira katatu nyimbo inali kumira. Cotero anaphunzira kusankha zofunika zokha, ndi kuika pa mapeto cimene anafuna kuti cimveke koposa.

Malo ojambulira anali kacipinda kosungiramo makasu a ku munda wa koleji. Anapacika mabulangete m'zipupa kuti mau asabwerere, natseka mipata ya citseko ndi masaka. Nthawi yabwino inali pakati pa usiku, belu litaleka ndi anyamata atagona, koma atambala asanayambe. Mvula ikagwa pa malata nchito inali kuima. Pofuna kusunga mabatire sanali kubweza tepi ndi makina, koma anali kulowetsa colembera m'ciboo ca kaseti ndi kuizunguza ndi dzanja. Anzace awiri anadzamthandiza, wina Mtonga wa ku Gwembe, wina Mbemba wa ku migodi. Mtongayo anamuuza kuti makolo acenso anacotsedwa m'cigwa ca Zambezi m'zaka za 1957 ndi 1958, pamene anamanga damu la Kariba, ndi kuti anthu ngati 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje. Anati, "Iwe uli ndi mwai, mnzanga. Kwanu kukali pamtunda. Kwathu kuli pansi pa madzi."

Pa chuthi ca mwezi wa April anamka kwao ndi wailesi m'thumba. Madzulo, atatha kudya, anagwada pafupi ndi amai ace nawauza cimene anafuna kucita. Amai anakhala cete nthawi yaitali, nati, "Mwana wanga, unaona cosowa canji kuno? Atate ako awa sanakulere? Anthu a kuno anatipatsa munda, anatipatsa moto, ndipo iwe ufuna kuimba pa bwalo kuti ndife alendo. Akakucotsa pa sukulu udzalira ndi yani?" Iye anayankha kuti mapepala ace onse ali olongosoka, ndi kuti palibe amene angamcotse cifukwa ca nyimbo. Koma amai anati, "Zakwiriridwa zisiye," nalowa m'nyumba. Mnyamatayo anaganiza kuti amai ace aopa boma. Sanadziwe kuti cimene anali kuopa cinali cina.

Ambuye ndiwo sanabvute. Pomuona ali kudza ndi wailesi anaseka, nati, "Amuna anga, mwandibweretsera ciani? Nsaru ndiyo ndinapempha, inu mwadza ndi bokosi lolankhula." Pakuti pa mwambo wa Acewa agogo ndi mdzukulu ndi anthu oseleulana. Anakhala pa mphasa kuseri kwa nkhokwe, ndipo mdzukuluyo anawapempha kuti angochula njira yocokera pa khomo la nyumba yao yakale kufikira ku manda. Nkhalambayo inatseka maso, niyamba kuyenda ndi pakamwa. Inachula nyumba iri yonse ndi mwini wace, ndi amene anakwatira pamenepo, ndi kwao kwa mkamwiniyo. Inachula mkuyu wa pa bwalo, citsime cimene sicinaphwe ngakhale m'caka ca njala ca 1949, dambwe limene akazi anali kulilambalala, ndi dimba la atate ace a mnyamatayo. Pofika pa dimbalo inaima pang'ono, nipitirira. Itatha, inaitanitsa mtondo, ndipo ngakhale inalibe mphamvu yosinja, inagogoda munsi pang'onopang'ono niimba nyimbo zitatu za pamtondo zimene inaphunzira kwa amai ace.

Pobwerera ku koleji anaika mabatire atsopano kuti amve nchito yace, ndipo mtima wace unagwa. Mau a ambuye anaturuka ang'ono ndi othamanga, ngati a kamtsikana. Cifukwa cace ndi ici: tepi ya kaseti iyenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi iri yonse, koma tsiku lija mabatire anali atafooka, ndipo makina anaikoka pang'onopang'ono. Tsono poiliza ndi mphamvu yokwanira, zonse zinafulumira ndi kukwera. Anayesa kuiliza ndi mabatire akale kuti abweze mau m'malo mwace, koma liwiro silinakhazikike. Loweruka lina anakwera galimoto ndi ndarama zace zotsiriza, nabwerera ku mudzi kukapempha kuti aimbenso. Ambuye anati ayambe amva colakwikaco. Atamva, anaseka mpaka misozi, kenaka misozi inatsala yokha kuseka kutatha. Anati, "Usacotse. Ameneyo ndi ine ndisanakwatiwe. Ndimo ndinali kuimbira pa mwala uja. Wampeza kuti mtsikana ameneyu?" Cotero anazisiya momwemo.

Cimbaleco cinatha m'mwezi wa July. Cinali pa kaseti ya mphindi 60, mphindi 30 mbali iri yonse. Mbali yoyamba anaicha "Uko", yaciwiri "Kuno". Ku mbali ya "Uko" kunali ulendo wa ambuye wa pakamwa uja, banjo iri kulira pansipansi. Nyimbo zao za pamtondo. Nyimbo ya usiku utatu wa m'chire. Ndi ina yofunsa khasu limene linatsala ku dimba kuti mwini wace analowera kuti. Ku mbali ya "Kuno" kunali nyimbo ya maungu a pa culu, amene mbeu yace inaoloka malire m'cikho. Nyimbo yoyamika wopala matabwa amene analera mwana wa mwini. Ndi ina yoseka, yosimba za munthu amene afunsidwa za kwao nayankha ndi maina awiri. Pa cikuto anajambula mapu a mudzi monga ambuye anaufotokozera, wopanda mzere wa malire. Nyimbo za mbali yaciwiri zinatha patatsala mphindi khumi, ndipo malowo anawasiya opanda kanthu. Kumsana kwa kaseti kuli timapulasitiki tiwiri timene munthu athyola kuti wina asajambulepo. Iye anathyola ka mbali yoyamba kokha.

Anakopa makaseti makumi awiri, imodzi imodzi, usiku. Ina anailiza m'cipinda codyera tsiku la Sabata. Sikuti onse anaikonda ai. Ena anati phokoso lacuruka, ena anati banjo yamveka ngati iri m'mbiya, ndipo sananame. Koma pamene mau a ambuye anayamba kuchula nyumba ndi nyumba, anthu analeka kugogoda mbale. Mnyamata uja amene anamucha mlendo sanapepese. Anangodza madzulo napempha kaseti imodzi, nati agogo ace a ku Chadiza anabadwira mbali yomweyo.

Loweruka lotsiriza la mwezi wa August ndilo tsiku la Kulamba, pamene mafumu a Acewa a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique asonkhana ku Mkaika kudzapereka ulemu ndi mitulo kwa Gawa Undi. Mnyamatayo anamka kumeneko ndi makaseti atatu m'thumba la malaya. Sanapenye kwambiri gule kapena anamwali. Anayendayenda m'misasa ya anthu ocokera kutsidya, nafunsa msasa ndi msasa ngati alipo wodziwa mudzi wakuti, wa pa khwawa lakuti. Dzuwa litapendeka anapeza mkulu wina wogulitsa fodya, amene anati mudziwo audziwa, ndi kuti uli ulendo wa tsiku limodzi pa njinga kucokera kwao. Mnyamatayo anagwada, nampatsa kaseti, mabatire anai ndi kalata ya kwa amalume ace. M'kalatamo analemba kuti ku mapeto a mbali yaciwiri kuli malo, ndipo ngati ali ndi mau aikepo. Mkuluyo anamanga zonse m'kansaru, nati, "Ndikafika nazo, mwana wanga, Mulungu akalola."

Inapita miyezi isanu. Mayeso anatha, mvula inagwa, cimanga cinafika m'ciuno. M'mwezi wa January 2002 munthu wina wa malonda, wodzera pa cipata ca malire ca Chanida, anasiya kaphukusi pa sitolo ya ku Katete, ndipo kanayenda m'manja mwa anthu kufikira kanafika. Inali kaseti yomwe ija, cikuto cace citada ndi utsi. Madzulo amenewo banja lonse linakhala pa khonde. Mnyamatayo anazunguza tepi ndi colembera kufikira pamene nyimbo yace yotsiriza inathera, nakanikiza batani. Kunamveka nkhuku, ndi mwana wolira patali, ndi munthu wokonza pakhosi. Kenaka mau anati, "Amai, ndine. Ndiri moyo."

Amalume analankhula monga munthu wopereka malonje. Anati mudzi unamangidwanso, koma cakumtunda pang'ono, pakuti pa malo akale anthu anaopa zokwiriridwa. Mkuyu wa pa bwalo ulipo. Mango aja anapsya. Citsime cinagumuka, ndipo anakumba cina. Anachula amene anabwerera, amene anatsalira ku Malawi, ndi amene sanaoneke. Anati mudzi wonse unamva kasetiyo katatu, ndi kuti akazi okalamba anakangana za nyumba imodzi imene ambuye anaiika kolakwika. M'mau mwace munali Cipwitikizi capatalipatali cimene mphwace sanacimve. Potsiriza anaitana mlongo wace, nati, "Mlongo wanga, imva. Alamu mafupa ao sitinawapeze. Koma abale ao anafulula mowa wa bona caka cacitatu titabwera, ndipo pa bwalo ananena kuti iwe ulibe mlandu. Anakusudzula. Ndinasowa wondilembera mau otere m'kalata. Khala ndi banja lako mtima uli pansi." Anayamba kunena kanthu kena za mbuzi, koma tepi inatha, batani nilidumpha.

Palibe amene analankhula. Apo mpamene mnyamatayo anazindikira cimene cinatseka pakamwa pa amai ace zaka zonsezo. Pa mwambo wa Acewa mkazi wofedwa sakwatiwanso kufikira abale a mwamuna atammasula. Amai ace anakwatiwa osaona mtembo, osalira maliro, osasudzulidwa, ndipo tsiku liri lonse anali kudzifunsa ngati sanacimwire munthu wamoyo. Wopala matabwa uja anaimirira, nakatenga nkhuni, nasonkhezera moto, ngakhale sikunali kuzizira. Amai anapukuta nkhope ndi nsonga ya citenje, nati kwa mwana wao, "Bwezanso pamene anena za alamu." Anabweza. Usiku umenewo, nthawi yoyamba, anamuuza kuti atate ace anali munthu wamanzere, wokonda kuliza kaligo, ndi kuti kakhalidwe kace kogwira banjo ndi ka iwo.

Ambuye sanaolokenso malire. Anamwalira caka cotsatira, naikidwa ku Petauke, ndipo amalume anafika pa njinga maliro atapita masiku anai. Mnyamatayo anakaona mudzi wa kubadwa kwace pambuyo pace, ali mphunzitsi kale. Anaulandira ndi cimwemwe, koma sanaupeze monga unaliri m'nyimbo zace. Mwala wocapira unali waung'ono, ana anali kuwerenga m'Cipwitikizi, ndipo anthu anamucha "wa ku Zambia". Anakhala sabata ziwiri, nalakalaka ana a sukulu yace ndi nsima ya amai ace. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo nzoona. Koma madzi amene apita sakwera phiri kubwerera ku gwero. Akumbuka kumene anacokera, namwetsa dziko limene afikako. Kuyambira pamenepo munthu akamfunsa za kwao sakhalanso cete. Ayankha kuti anabadwira ku Mozambique, anakulira ku Zambia, ndipo manda a anthu ace ali mbali zonse ziwiri.

Cimbale cija sicinalire pa wailesi ya dziko, ndipo sicinampatse ngakhale ngwee imodzi. Mwa makaseti makumi awiri aja, ambiri anatayika kapena anadyedwa ndi makina. Dziko la Mozambique linalengeza m'caka ca 2015 kuti latsiriza kucotsa mabomba onse odziwika a m'nthaka, ndipo pa malo a mudzi wakale anthu alimapo tsopano. Kaseti imene inaoloka malire kawiri ikalipo. Mwini wace anasamutsira mau ace mu kompyuta ndi m'lamya ya m'manja, ndi phokoso lace lomwe, ndipo ana ace adziwa njira yocokera pa khomo kufikira ku manda a mudzi umene sanauone.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu masiku ano ali ndi makina m'matumba mwao oposa kutali mawailesi awiri aja. Lamya yaing'ono ijambula mau oyera, osafuna bulangete kapena colembera cozunguzira. Cimene cisowa kawirikawiri ndi munthu wofuna kukhala pa mphasa kuseri kwa nkhokwe, ndi kufunsa nkhalamba kuti, "Ambuye, kodi tinacokera kuti, ndipo tinadzera njira iti?" M'midzi yambiri ya dziko lino muli anthu amene anasamutsidwa ndi nkhondo, ndi madzi, ndi njala, kapena ndi lamulo la boma la atsamunda, ndipo nkhani zao ziri m'mitu ya okalamba owerengeka. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo pali wina amene anawasunga. Wofuna kuyamba asadikire chuthi ca caka camawa, ndipo pomka atenge mabatire atsopano.